Kupita kunyanja ndi mwana wa zaka ziwiri

Achemwali, mwafunsa ngati n'kotheka kupita kunyanja ndi mwana wa zaka ziwiri kuchokera ku Lilongwe. N'kotheka ndithu, koma sankhani Senga Bay ku Salima. Ku Mangochi n'kutali, kamwanako kangatope n'kulira njira yonse. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe.

Neti musaiwale, ngakhale akuuzeni kuti kogonako ilipo. Nthawi zambiri imakhala yobooka, ndipo malungo akunyanja si nkhambakamwa. Posamba pewani malo a bango ndi madzi odikha, nkhono zofalitsa likodzo zimakonda kumeneko. Wamkulu mmodzi akhale pambali pa mwanayo nthawi zonse, foni ili m'chikwama.

Ufa wa phala lake mutengenso. Chambo angachikane, komanso chili ndi minga.