Musanagule batire lachitatu, yezani kaye tchajing'i

Achimwene a ku Limbuli, ndawerenga funso lanu loti mwagula kale mabatire awiri a njinga yamoto chaka chino, koma lililonse likangogwira masabata ochepa sitata imangoti kete kete, hutala imalira mosasa mawu, mpaka mwabwerera ku kiki. Mwafunsa kuti batire lolimba ndi la mtundu wanji. Ine ndikuti ndalama yanuyo muisunge kaye, chifukwa mabatire awiri kufa mofanana chonchi zikusonyeza kuti chikuwapha chili pa njinga pompo. Batire lili ngati ndowa, limangosunga zomwe lathiridwa. Moto umachokera ku makoyilo a m'magineto, gawo la injini lopanga magetsi, n'kudutsa pa rekitifaya yomwe imausandutsa kukhala DC (moto woyenda mbali imodzi, womwe batire limasunga) ndi kuuchepetsa kuti usapyole muyeso, kenako n'kufika ku batire. Penapake pa njira imeneyi pavuta.

Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yobwereka kwa okonza mafoni kapena oika masola pamsika. Iikeni pa DC 20V, waya wofiira ku pozitivu, wakuda ku negativu. Yezani m'mawa njinga itagona usiku wonse. Batire labwino lodzadza limaonetsa 12.6V kapena kupitirirapo pang'ono. Likakhala cha pa 12.0V ndiye kuti laphwa kwambiri, kalitchajitseni kaye musanapitirize, apo ayi manambala enawo akunamizani. Kenako dinani sitata maso ali pa mita. Ikagwa kufika pansi pa 9.5V batire litangochoka kotchaja, limenelo lafadi.

Tsopano lizani injini, muponde moto pang'onopang'ono mpaka pakatikati, mita ili pomwepo. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Njinga yotchaja bwino imakwera kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V n'kukhazikika. Ikangokhala pa 12 yomwe ija, kapena kumatsika mukayatsa nyali, moto sukufika. Ikapyola 15V n'kumakwerabe, rekitifaya yasiya kuchepetsa moto ndipo ikuphika batire. Vuto lachiwirili anthu ambiri saliganizira, amaona ngati moto wambiri ndi mwayi. Zizindikiro zake ndi mababu kupsa pafupipafupi, batire kufufuma m'mbali, kutentha mukaligwira, madzi ake kuuma msanga, ndi kafungo ka mazira oola.

Ngati moto sukufika, musathamangire rekitifaya yatsopano. Kuno kwathu chinyezi ndi chambiri, chiperoni cha mu June ndi July chimalowa paliponse, kuphatikiza matope ndi mabampu a m'misewu ya m'minda ya tiyi. Zulani pulagi ya mawaya ochokera ku injini, kawirikawiri achikasu kapena wachikasu ndi woyera, muyang'ane mkati. Mukaona timapini tabiriwira, kapena pulasitiki yasungunuka n'kuda, mwalipeza vuto. Palani ndi sandipepa, mufinye timapinito kuti tigwire zolimba. Onaninso fyuzi ya pafupi ndi batire, zomangira za pamitu pa batire, ndi waya wa earth (wa negativu) pomwe wamangidwa pa felemu. Bawuti ya dzimbiri pamenepo imatha kuletsa tchajing'i zida zonse zili bwinobwino. Ndipo fyuzi yomangidwa ndi kawaya kapena pepala la ndudu muichotse lero lomwe, imeneyo imaotcha mawaya a njinga yonse.

Mawaya akakhala bwino, yezani makoyilo. Pulagi ija ili chizulire, tembenuzani mita kupita pa AC (moto wosinthasintha mbali womwe makoyilo amapanga), muigwiritse pa mawaya ochokera ku injini, injini ikulira. Nambala iyenera kukwera msangamsanga mukamaponda moto, kupyola 20V. Ikangoima kapena kuonetsa zochepa kwambiri, koyilo yapsa, ndipo mukatsegula kava mudzaona waya wakuda ndi fungo lopserera. Makoyilo akapereka moto koma ku batire osafika, apo ndiye mlandu ndi wa rekitifaya. Pogula pitani ndi yakaleyo ndipo mutchule mtundu wa njinga. Njinga zambiri zolowera pa Muloza zimafanana maonekedwe, ndipo marekitifaya a mapini anayi pulagi imalowa bwinobwino pomwe mkati mwake ndi mosiyana. Yolakwika imapsa kapena kuononga batire latsopano lija.

Wina mu gulu lino wakuuzani kuti muzule waya wa batire injini ikulira, ikapanda kuzima ndiye kuti ikutchaja. Chonde musatero. Njinga zing'onozing'ono zambiri CDI yake, kabokosi kotumiza moto ku sipaki pulagi, imatenga moto mwachindunji ku magineto, choncho imalirabe ngakhale tchajing'i itafa kalekale, ndipo kuzula koteroko kungaotche rekitifaya ndi mababu. Nyali kuwala kwambiri mukaponda moto si umboninso, pakuti pa njinga zina nyali yakutsogolo siidalira batire n'komwe.

Manambala onse akatuluka bwino, ndiye kuti pali chomwe chikuba moto njinga ikagona. Inu a kabaza ndikudziwa, mumakonda sipika, nyali zamitundumitundu ndi tchaja ya foni, ndipo nthawi zambiri amene anakuikirani analumikiza pa batire penipeni osadutsa pa kiyi. Zimitsani kiyi, chotsani waya wa negativu, muike mita pa mA, poyezera moto wochepa womwe ukudutsa, pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Iyenera kuonetsa pafupifupi ziro. Ikaonetsa zambiri, zulani zoonjezerazo chimodzichimodzi mpaka nambala itagwa. Musadine sitata mita ili chonchi, ipsa. Dziwaninso kuti magineto a njinga ya 100cc kapena 125cc ndi aang'ono, ndipo maulendo afupiafupi a pasiteji, kuliza ndi sitata kakhumikakhumi nyimbo zili m'mwamba, amatapa kuposa zomwe injini ikubweza. M'mawa muziyamba ndi kiki.

Mukayeza, lembani pano manambala atatu: injini ili chozima, pomwe mukudina sitata, ndi pomwe mwaponda moto. Mutchulenso mtundu wa njinga ndi kuchuluka kwa mapini a rekitifaya yanu, ndikuuzani choti mugule.