Kwa mayi amene akufunsa za othawa kwawo kutchalitchi

Mayi wina wandilembera imelo. Kutchalitchi kwawo kwabwera banja la othawa kwawo, abusa apempha chopereka chapadera, ndipo iye mtima ukumuwawa: "Amasiye athu ali pompano, nanga tiyambire alendo?" Akufunsa ngati akuchimwa poganiza choncho.

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa yandikumbutsa zomwe sindikonda kuzikumbukira. Ndinakhalapo zaka ziwiri kudziko la eni. Sindinathawe nkhondo ayi, ndinkangofuna ntchito, ndipo mapepala ndinali nawo. Lamulungu loyamba ndinalowa m'tchalitchi mtima uli m'malo, ndikuti kuno ndiye kwa Atate. Nditangotsegula pakamwa kupereka moni, munthu amene ndinayandikana naye anamva kalankhulidwe kanga, n'kunyamula chikwama chake kuchiika mbali ina. Sananene kanthu. Ulaliki wa tsiku limenelo sindikuukumbuka, koma chikwamacho ndimachionabe, chinali chofiirira.

Amene anandisunga anali agogo ena, osauka kuposa ine. Chinenero changa sankachidziwa, chawo ndinkangochitola apa ndi apo. Ankanditsegulira buku la nyimbo n'kumaloza mzere ndi chala kuti ndisasochere. Ndalama sanandipatseko ngakhale kamodzi. Tsiku lokawonjezera masiku pa chilolezo changa anandiperekeza ku ofesi, n'kukhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, miyendo itatupa, kungoti ndisaime ndekha pamzere.

Ndiye ndikuuzeni mosabisa mawu: kuwawidwa mtima sindikukuimbani nako mlandu, koma mawu akuti "tiyambe ndi athu" ndatopa nawo. Nthawi zambiri amatuluka pokhapokha mlendo akafika. Amasiye aja anali pomwepo chaka chatha, ndani anawaitanira chopereka? Ndipo Baibulo silisiyanitsa monga tichitira ife. Pa Deuteronomo 24:19-21 mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye aikidwa pamzere umodzi, onse akunkhe m'munda womwewo. Levitiko 19:33-34 akuti mlendo mumukonde monga mudzikondera nokha, chifukwa inunso munali alendo ku Aigupto.

Taonaninso kuti kukunkha ndi ntchito. Boazi sanatumize mtolo wa zovala zakale kwa Rute, Mmoabu uja. Anamulola kugwira ntchito m'munda mwake, nachenjeza anyamata kuti asamuvutitse. Rute yemweyo mumupeza pa Mateyu 1:5, m'mndandanda wa makolo a Yesu. Chaputala chotsatira, Yosefe akudzuka usiku, kutenga mwana ndi amayi ake kuthawa Herode. Chikhala kuti Aigupto anatseka malire, sindidziwa tikanaimba chiyani pa Khirisimasi.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu ndimaukonda, koma kwa wothawa kwawo sugwira. Iye sabwerera dzuwa likatuluka. Ena amabereka ana mumsasa, anawo n'kukulira momwemo. N'chifukwa chake chifundo cha sabata imodzi chimasanduka mkwiyo mwezi wachitatu. Pangano la ku Geneva la 1951 limaletsa kubweza munthu kumene moyo wake uli pachiopsezo, ndipo mu 2022 bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, UNHCR, linalengeza kuti anthu okakamizidwa kusiya kwawo apitirira 100 miliyoni. Ambiri mwa owoloka malire amangokhala m'maiko oyandikana ndi kwawo, omwe nawonso ndi ovutika. Kutanthauza kuti katunduyu kawirikawiri amasenzedwa ndi osauka, monga agogo anga aja. Papa Francis, ulendo wake woyamba kunja kwa Rome mu 2013, anapita ku Lampedusa, kachilumba kofikira anthu owoloka nyanja m'mabwato. Ine si Mkatolika, koma pamenepo ndinamuvulira chipewa.

Ndiye muchite chiyani?

Chopereka perekani monga mungathere, ndipo pamsonkhano womwewo dzukani munene za amasiye, muwatchule mmodzimmodzi. Banjalo lifunseni chomwe likusowa musanagule kanthu. Mwina ndi womasulira kuchipatala, kapena malo a mwana kusukulu. Musawaumirize kufotokoza zomwe anaona kwawo, ndipo musawaimike kutsogolo kuti mpingo uwaonerere. Lamulungu likudzali kakhaleni pafupi ndi mayi wa banjalo, mutenge buku la nyimbo limodzi la nonse awiri.