Mukufuna mphika wosungunulira mtovu kuchokera ku Joni? Nayi mmene imayendera

Achimwene, mwati mukufuna kuyamba kuumba timiyala ta mtovu tolemetsa mbedza, tina muzikawedzera nokha ku Senga Bay kapena ku damu la ku Malingunde, tina muzigawira anzanu. Ndiye mwafunsa kuti mphika wake ndingakubweretsereni bwanji, nanga wabwino ndi uti. Ndayenda msewu wa ku Joni zaka zambiri, miphika imeneyi ndanyamulapo ingapo, ndiye ndikuuzani zonse, ngakhale zimene zingandiphonyetse bizinesi.

Ndiyambe ndi magetsi, chifukwa ndi pamene ndinapsapo. Miphika yambiri yamagetsi yosungunulira mtovu ndi yopangidwa ku America, monga ya Lee, Lyman ndi RCBS. Kumeneko magetsi a m'nyumba ndi a 110 mpaka 120 volts, pamene kuno kwathu ndi ku South Africa ndi a 230. Mtundu umodzimodzi wa mphika umatuluka pawiri, wina wa 110, wina wa 220, ndipo kunja amafanana ngati mapasa. Tsiku lina ndinagulira kasitomala mphika wogwiritsidwapo kale ntchito, wotsika mtengo, osayang'ana kachitsulo kolembedwa pansi pake. Atangoulumikiza kunyumba kwake ku Area 25, sipanathe nthawi, kunamveka fungo la waya wopsa, basi mphika wafa. Ndalama yake ndinabweza ndekha. Kuchokera tsikulo sindilipira ndisanautembenuze mphika n'kuwerenga ndi maso anga. Pulagi nayo mudzasintha, poti ya ku Joni ili ndi mano atatu ozungulira ndipo silowa m'masoketi athu. Musangolowetsa mawaya osavala, ikani pulagi yathu ndipo waya wa earth mulumikize.

Pa kukula kwake, wa Lee wotchedwa Pro 4-20 umalowa mtovu wokwana mapaundi 20, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 9, ndipo ulipo wina wa theka lake. Miphika imeneyi ili ndi kampopi pansi: mumaika chikombole kunsi, n'kukweza chogwirira, mtovu n'kutsika wokha. Ubwino wake ndi woti zinyalala zimayandama pamwamba, ndiye wotuluka pansi amakhala woyera. Koma miphika ya kampopi yonse imakonda kudontha kachinyalala kakangotsakamira, choncho pansi pake pazikhala chitini chouma. Komanso kampopi n'kakang'ono, kamathandiza pa timiyala tating'ono. Mwala waukulu umafuna kuthira ndi chipande kamodzi n'kamodzi, apo ayi mtovu umauma usanadzaze chikombole ndipo mwala umatuluka wamakwinya.

Maganizo anga ndi oti musayambire wamagetsi. Pezani poto wachitsulo chokhuthala, uja wolemera wakuda, ndi chipande chachitsulo, muyambe pa mbaula yamakala. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, makala amafika pamenepo mosavuta, ndipo magetsi akathima ntchito siima. Poto wa aluminiyamu ayi, amafewa akatentha ndipo akhoza kubooka mtovu uli momwemo. Kumbukirani kulemera kwake: lita imodzi ya mtovu imaposa makilogalamu 11. Mbaula yogwedera miyendo singasenze zimenezo, muikhazike pansi pa simenti, potoyo akhale bwinobwino osapendama. Mukaumba miyezi iwiri itatu n'kuona kuti ntchitoyi yakulowani m'magazi, mundiimbire za wamagetsi. Chimene ndingakubweretsereni panopa ndi zikombole, chifukwa zabwino n'zosowa m'mashopu a mu Malangalanga.

Tsopano za geni yake. Mtengo timapangana m'marandi osati m'makwacha, ndipo mumapereka theka ndisananyamuke. Si kuti sindikukhulupirirani. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene tinali titalandira maoda m'makwacha tinalira. Basi imadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowera pa Dedza, masiku awiri ngati mizere ya pachipata siyinatalike. Pa mtengo wa kushopu muwonjezere ndalama yolipirira katundu m'basi, msonkho wa MRA ndi phindu langa. Lisiti ndimasunga chifukwa ndi imene amawerengera msonkho. Ena amaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku South Africa chimachotseredwa msonkho pansi pa mgwirizano wa SADC, koma zimenezo zimayendera dziko limene katunduyo anapangidwa, ndipo mphika wa ku America suli m'gulu limenelo.

Chinanso, ku Joni miphikayi imapezeka kwambiri m'mashopu a alenje, poti ena amaumbira zipolopolo. Ine ndimanyamula mphika ndi zikombole za mbedza basi, ndipo pachipata ndimatulutsa poyera n'kufotokoza ntchito yake. Zikombole za zipolopolo musandipemphe n'komwe. Mtovu weniweniwo sindinyamulanso, kulemera kwake kungadye phindu lonse.

Mtovu mupeza konkuno. Pitani kwa okonza matayala ndi m'magalaja a ku Biwi, mufunse tizitsulo tija amapana m'mphepete mwa limu kuti tayala lisamanjenjemere. Koma musankhe kamodzikamodzi, chifukwa masiku ano tambiri si ta mtovu. Kolembedwa Zn ndi zinki, kolembedwa Fe ndi chitsulo. Ka mtovu mukakapana ndi pulayala kamalowa mano mosavuta. Zinki imasungunuka pa madigiri 420, ndiye moto ukakula imasakanikirana ndi mtovu, zonse n'kusanduka ngati phala la mibulu losathirika. Za mabatire agalimoto akutha, wina akakuuzani kuti muli mtovu wambiri, n'zoona, koma musawaswe pakhomo. Muli asidi, ndipo zinyalala zake zikanyowa zimatha kutulutsa mpweya wa poizoni.

Mukasungunula, ponyanimo kachidutswa ka kandulo kapena utuchi wouma, mutakase, zakuda zikwere pamwamba, muziwengule n'kuzitsekera m'chitini. Chikombole muyambe mwachitenthetsa. Ndipo madzi, achimwene, madzi asayandikire. Ndinaonapo mnzanga akuviika chipande chimene chinagona panja pa mame. Kunamveka phuu, mtovu unathovokera mpaka kumalata a khonde, timadontho tina tinamatirira pa malaya ake ngati siliva. Mwamwayi anali atavala magalasi. Chilichonse cholowa mumphika chiyambe chauma pamoto, inuyo muvale magalasi, magolovesi achikopa, nsapato zotseka ndi zovala za thonje, osati za nayiloni.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi ana anu aja. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo pang'onopang'ono, popanda chizindikiro choonekera msanga, ndipo a WHO amati palibe mlingo wake umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Ku Kabwe, ku Zambia, mgodi unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana akumeneko akupezeka ndi mtovu m'magazi chifukwa cha fumbi. Choncho malo osungunulira akhale panja popita mphepo, kutali ndi khitchini ndi posewerera ana, ndipo mayi woyembekezera asafikepo. Musadye kapena kusuta muli pantchito, mukamaliza musambe m'manja ndi sopo, zovalazo zichapidwe pazokha. Poto uja mumulembe ndi penti ndipo muzimukhomera, kuti wina asadzaphikiremo ndiwo.

Ndinyamuka sabata yamawa. Ngati mwasankha zikombole, mundiuze kulemera kwa miyala imene mukufuna, m'magalamu, lisanafike Lachitatu.