Mwana wanga wapatsidwa mankhwala a maganizo, ndimumwetse kapena ayi?

FUNSO

Azakhali, ndithandizeni. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 15, ali Fomu 3. Chimwalirireni bambo ake chaka chatha mwanayu wasintha, kale anali wankhani zosatha koma pano amangodzitsekera kuchipinda, nsima mbamu ziwiri basi wasamba m'manja, kukwaya anasiya, usiku ndimamumva akulira koma ukamufunsa amangoti palibe. Ndinapita naye kuchipatala, adokotala atacheza naye payekha anati ndi dipuleshoni, matenda a kukhumudwa kosatha, nde anatipatsa makapusozi otchedwa fluoxetine kuti azimwa kamodzi m'mawa. Vuto apongozi anga akuti amenewa ndi mankhwala a amisala, akangoyamba adzakhala ngati aja a ku Mental oyenda owuma dovu lili chuchuchu, ndipo sadzasiyanso moyo wake wonse. Pa Facebook ndawerenganso kuti amapangitsa ana kudzipha. Yatha sabata ali m'kabati, sindinam'patse olo limodzi. Ndichite bwanji?

Mayi wa ku Chinamwali

YANKHO

Mayi, pepani ndi imfa ya bambo a kunyumba, komanso zikomo kuti mwanayo munapita naye kuchipatala. Ambiri akanangoti ndi matama a chinamwali, kapena kumukalipira kuti ndi ulesi, mpaka zinthu kufika poipa.

Ndiyambe ndi za apongozi. Zomwe anaonazo nzoona, sakunama ayi, koma asokoneza mankhwala. Kuwuma thupi, kunjenjemera manja, dovu, zimenezo zimabwera kwambiri ndi mankhwala ngati chlorpromazine ndi haloperidol, omwe amapatsidwa kwa anthu omwe akumva mawu kapena kuona zinthu zoti palibe. Fluoxetine ndi wa gulu lina, ntchito yake ndi kuthandiza kachinthu kena ka mu ubongo kotchedwa serotonin. Zomwe ana ambiri amadandaula akayamba ndi nseru, mutu, m'mimba kusokonekera pang'ono, kapena tulo kuvuta (n'chifukwa chake anati azimwa m'mawa), ndipo nthawi zambiri zimatha zokha pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri. Sali ngati chamba kapena kachasu woti munthu azichita kumulakalaka. Samweranso moyo wonse, akapeza bwino amapitirizabe miyezi yosachepera 6, pena mpaka chaka, kuti matenda asabwerere, kenako adokotala amamusiyitsa mwadongosolo. Kungosiya nokha tsiku limodzi poti mwaona wayamba kuseka, ayi musatero.

Tsopano za pa Facebook zija, apa ndikhalitsapo chifukwa muli choonadi mkati mwake ndipo sindikufuna kukubisirani. Mu 2004 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linalamula kuti pa mankhwala a dipuleshoni pazilembedwa chenjezo lokhudza ana. Litaunika kafukufuku wa ana oposa 4,000 linapeza kuti mwa ana 100 omwe amamwa mankhwala enieni, pafupifupi 4 anali ndi maganizo ofuna kudzivulaza kapena kudzipha, pomwe mwa ana 100 omwe amamwa mapiritsi opanda mankhwala anali 2. Palibe mwana olo mmodzi anadzipha mu kafukufuku ameneyo. Nde chiopsezo chilipo, makamaka masabata oyambirira kapena akasintha mlingo, koma chenjezolo tanthauzo lake ndi loti mwana ayang'aniridwe pafupi, osati mankhwala atsekeredwe m'kabati. Dipuleshoni yosathandizidwa nayo imapha, ndipo mwana wanu wakhala nayo miyezi yambiri kale, akuchepa thupi inu mukuona.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, limati ana osakwana zaka 12 asapatsidwe mankhwalawa, ndipo kwa achinyamata ngati wanuyu chiyambi chizikhala uphungu, kucheza ndi munthu wophunzira za maganizo, mankhwala abwere ngati matenda akula kapena uphungu pawokha sukukwanira, ndipo akafunika mankhwala woyenera ndi fluoxetine yemweyo. Nde adokotala sanasankhe molakwika. Koma m'kalata yanu simunatchule za uphungu, apa mpomwe ine ndikuda nkhawa. Mwana woferedwa bambo ake akufunika pokhuthulira zakukhosi, kapusozi sangalire naye maliro.

Bwererani sabata ino osadikira tsiku lomwe anakulemberani. Auzeni chilungamo kuti simunam'patse, asamaganize kuti wamwa koma sizikugwira. Afunseni chifukwa chomwe aonera kuti akufunika mankhwala pano, akuyamba ndi mlingo wanji, amuonanso liti (milungu yoyamba azimuona pafupipafupi), ndipo uphungu akaupeza kuti. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo m'dziko muno, Zomba Mental Hospital, chili pakhomo pathu pomwe, ndipo si onse opita kumeneko amagonekedwa, ambiri amangoonana ndi adokotala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Palinso nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO konkuno, mwanayo atha kuimba yekha akafuna kulankhula ndi munthu woti si mayi ake.

Akayamba kumwa musayembekeze zodabwitsa mawa lake, zimatenga masabata awiri mpaka anayi, pena asanu ndi umodzi, kuti muone kusintha. Makapusoziwo musunge ndinu, muzim'patsa limodzi limodzi. Ndipo lero lomwe, olo asanayambe n'komwe, chotsani m'nyumba tameki, mapiritsi osungira chimanga, mankhwala opopera mbewu, ndi mapiritsi ena onse otsala. Mukapeza kuti fluoxetine watha kuchipatala musalole kuti wina angokusinthirani ndi mankhwala ena a dipuleshoni otchedwa amitriptyline adokotala osadziwa, ameneyo ana sawathandiza kwenikweni komanso ndi woopsa kwambiri munthu akamwa wambiri.

Mufunseni mwanayo poyera, modekha, muli awiriwiri mwina mukusankha nyemba: "Kodi pena umaganiza zoti bola kufa?" Makolo amaopa kuti funso limeneli lim'patsa maganizowo, si zoona, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akati eya, kapena mukaona wayamba kusakhazikika, ukali wachilendo, osagona usiku onse koma mphamvu zili tho akungolankhula osalekeza, kapena akugawa zinthu zake ngati akutsanzika, musadikire kuche, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Zam'nyumba ndi zazing'ono koma zimathandiza: azidzuka nthawi imodzi, azidya nanu pamodzi olo adye pang'ono, muzituluka naye madzulo kukagula ndiwo. Mawu oti "limba mtima, anzako akuvutika kuposa iwe" asiyeni kaye. Dzina la bambo ake muzilitchula, mukafuna kulira lirani naye. Kupemphera pitirizani, sikulimbana ndi mankhwala. Kusukulu uzani mphunzitsi mmodzi yemwe mwanayo amamukhulupirira, mutagwirizana naye mwini wakeyo kaye.

Apongoziwo musakangane nawo, nawonso anataya mwana ndipo akuopa kutayanso mdzukulu. Atengeni popita kuchipatalako akafunse okha za dovu lija, akamve kuchokera pakamwa pa adokotala. Mundilemberenso pakatha mwezi mundiuze mmene mtsikanayo akudyera ndi kugonera.

Azakhali