Musasiye achemwali, koma musamauze anthu kuti aiwale

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mukuti inu ndi anzanu ku Salima munayambitsa kagulu koyanjanitsa anthu odana chifukwa cha ndale, koma a mbali iyi akuti munagulidwa, a mbali inayo akuti ndinu akazitape, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungosiya. Yandifika pamtima chifukwa nanenso ndinadutsamo, ndipo bala lake silinapoletu.

Chitachitika chisankho cha tipeksi chija mu 2019, banja lathu ku Nkhotakota linang'ambika pakati. Amalume anali a chipani china, achimwene anga aakulu a chinanso. Anthu amene analima mpunga dambo limodzi zaka zambirimbiri anafika pomapatukirana njira. Amalume akangomva mawu a achimwene pakhonde, ankatulukira khomo lakuseri. Ine zinandiwawa, ndinawaitanitsa onse patsinde pa mango pabwalo pathu, nditakonzekera mawu okoma onena za chibale. Sitinathe ndi mphindi khumi zomwe. Achimwene anaimirira, n'kukuntha fumbi pa thalauzi, amvekere, "Iwe ukufuna mtendere chifukwa sunaberedwe kanthu."

Mawu amenewo anandisowetsa tulo miyezi, poti munali choonadi. Iwo ankakhulupirira kuti voti yawo yaseweretsedwa, ine n'kumawauza kuti zapita, iwalani. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linagamula kuti chisankhocho sichinayende bwino, tivotenso. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti patsinde pa mango paja sindinkayanjanitsa anthu ayi, ndinkangofuna phokoso lithe kuti ine ndipume.

Ndipo apa sindisunthika: kuuza munthu wodandaula kuti akhale chete si kubweretsa mtendere. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma la nthawiyo, yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ankatchedwa osokoneza dziko. Chaka chomwecho Akhristu ndi Asilamu anakhala pamodzi mu bungwe la PAC, ndipo pa 14 Juni 1993 tinavotera ndale za zipani zambiri. Anthu amenewo akanaopa kutchulidwa mayina, bwenzi lero tili pati? Inu akukunenani mbali zonse ziwiri chifukwa simunalowe m'thumba la wina aliyense.

Zomwe zimandipweteka ndi misonkhano ya m'mahotela a ku Senga Bay, yomwe kwanuko mumaiona tsiku ndi tsiku. Anthu amavala tisheti yolembedwa za mtendere, kulandira alawansi, kujambulitsa, basi. Koma mnyamata amene mawa adzapatsidwe kachasu kuti akang'ambe mbendera za anzake saitanidwako. Iyeyo ali pa siteji ya kabaza pa Kamuzu Road, sanadye chichokereni m'mawa. Amene amamufikira ndi wandale yekha.

Amalume ndi achimwene anayankhulana pa maliro a agogo. Palibe anawakhazika pansi. Amalume ndiwo mwini mbumba, ndipo panafunika munthu wothamangira matabwa a bokosi ndi wopita ndi chimanga kuchigayo. Anangoitana dzina la achimwene, iwo n'kuyankha kuti "Wawa." Mbuzi anazinga ndi mnansi wathu Msilamu, monga timachitira kwathu kuti aliyense adye mosakayika, Mkhristu ndi Msilamu yemwe. Usiku pasiwa ndinawaona awiriwa atafunda chitenje chimodzi pafupi ndi moto, akuthamangitsa udzudzu. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Mpaka lero savotera munthu mmodzi, ndipo amatsutsanabe kolimba, koma mpunga akulimanso limodzi.

Ndikamadutsa pa mkuyu uja wa pa boma la Nkhotakota, pomwe Livingstone anakumana ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo, mu 1863 kukamba zothetsa malonda a akapolo, ndimakumbukira kuti malondawo sanathe tsiku limenelo. Anapitirirabe zaka pafupifupi makumi atatu. Ine ndinkafuna kuthetsa udani wa pabanja masana amodzi.

Nanga muchite chiyani?

Musasiye. Koma lekani kaye kuitanitsa misonkhano ya mtendere. Pezani ntchito yomwe onse akuifuna, kaya ndi mjigo wowonongeka, kaya bwalo la mpira lomera udzu, muike anyamata a mbali zonse pa fosholo imodzi. Musanayambe, kagwadeni kwa amfumu, kwa ashehe ndi kwa abusa, onse sabata imodzi, kuti wina asadzamve ngati anadumphidwa. Nsalu, ndalama kapena galimoto ya chipani musalandire, ngakhale atati ndi ya ulendo umodzi wokha. Kuchokera mu 2022 dziko lino lili ndi lamulo la mtendere ndi umodzi, choncho kafunseni ku ofesi ya DC za komiti ya mtendere ya boma lanu, ikudziweni. Wina akabwera ndi dandaulo, mumvetsereni mpaka amalize, ndipo ngati analakwiridwadi nenani poyera kuti analakwiridwa.

Maliro akagwa kwa amene akukutchulani kazitape uja, pitani msanga ndi chidebe chanu, mukatunge madzi ndi amayi anzanu, mugone konko. Mudzandilemberenso mundiuze kuti mjigo wake ndi wa m'mudzi uti.