Tete ndi mzinda, komanso ndi chigawo chonse

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji malume anu a ku Ulongué kumati amakhala ku Tete pomwe mtsinje wa Zambezi sanauonepo ndi maso. Sakunama ayi. Dzinali lili pawiri. Pali mzinda wa Tete, wotentha uja wa m'mbali mwa Zambezi, ndiye pali chigawo chonse cha dziko la Mozambique chomwe eni ake amati província. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 100,000. Mutachotsa nyanja, Malawi yense n'kukwanamo.

Zambezi amalowa m'chigawochi ku Zumbo, pomwe amakumana ndi Luangwa, n'kudzaza nyanja ya Cahora Bassa. Damu lake lili ku Songo, linatha kumangidwa mu 1974, ndipo magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa. Akatsika apo amadutsa pakati pa mzinda, pansi pa mlatho wa Samora Machel uja amaudziwa aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni kudzera pa Zóbuè. Magalimoto olemera masiku ano amawolokera pa mlatho wa Kassuende, wa mu 2014. Kumunsi kwenikweni ndi ku Mutarara, kwa Asena, kumene kuli mlatho wa sitima wa Dona Ana.

Kwa amalume anuko n'kwina. Angónia, boma lomwe kuli Ulongué, ndi kumtunda, kozizira ngati ku Dedza komwe achita nako malire, kwa chimanga ndi mbatatesi, ndipo chilankhulo n'chathu chomwechi. Mukatsikira ku mzinda mumva Chinyungwe, thukuta lili kamukamu, milambe ili mbwee. Chapafupi pomwepo pali Moatize wa malasha, omwe amadutsa kwathu kuno pa njanji popita ku Nacala.

Za ulamuliro ndiye zimasokoneza ngakhale eni dziko. Maboma alipo 15, Dôa ndi Marara ndi aposachedwa, a mu 2013. Boma lililonse lili ndi administrador, tinene kuti DC, ndipo pansi pake pali madera aang'ono otchedwa posto administrativo, kenako ocheperapo otchedwa localidade, kenako mafumu. Pamwamba pali akuluakulu awiri. Kuyambira chisankho cha 2019, gavanala amachokera ku chipani chomwe chapambana m'chigawomo, koma pulezidenti amatumizanso munthu wake, Secretário de Estado. Kwa ine, atambala awiri m'khola limodzi ndi nkhani yovuta.

Ndiye mukamapita kukawaona amalumewo musavutike ndi ya ku Mwanza. Dzerani pa Dedza, muwolokere ku Calómuè, Ulongué ali pafupi pomwepo.