Funsani Azakhali: ulendo wa mishoni wokaona ana amasiye kunja, tipite kapena tisiye?

Azakhali, ine ndimatsogolera achinyamata kutchalitchi kwathu ndiye tasonkha ndalama zoti tipite dziko lina masabata awiri. Pulogalamu yake ndiyoti tikacheze kumalo osungirako ana amasiye, tikawaimbire, kuwagawira zovala ndi zidole, kenako masiku atatu tikaphunzitse pasukulu ina ya pulaimale komweko. Mapasipoti ena atuluka kale. Koma mlongo wina pagulupa wayamba kunena zoti maulendo otere amawononga ana, moti anzake ayamba kumutenga ngati wobwezera ntchito ya Mulungu m'mbuyo. Mutu wanga waima. Kodi si Yakobo 1:27 amene akutiuza kuti tiziwachezera ana amasiye?
Mtsogoleri wa achinyamata

Mwanangu, mlongoyo musamukwiyire ayi, zomwe akunenazo anthu ogwira ntchito ndi ana akhala akuzilankhula kwa zaka zambiri, kungoti m'matchalitchi mwathumu sizifika msanga.

Ana ambiri okhala m'malo amenewa si amasiye. Inde mwamva bwino. Bungwe la Save the Children linanena mu 2009 kuti mwa ana asanu aliwonse okhala m'malo otere, anayi ali ndi mayi kapena bambo wamoyo. Chowapititsa kumeneko ndi umphawi, kusowa fizi, nthawi zina ulumali, kholo limauzidwa kuti tipatseni mwanayu akaphunzira ulere, azikadya katatu patsiku, ndiye kholo losauka lingakane bwanji? Pomwe pavuta ndipakuti alendo akamabwera ndi ndalama, malowo amasanduka bizinesi ndipo bizinesiyo imafuna ana kuti iyende. Ku Cambodia lipoti la UNICEF linapeza kuti kuchokera 2005 kufika 2010 malo osungirako anawa anachuluka ndi 75 peresenti, nthawi yomweyo imene alendo okaona dzikolo ankachulukanso. Ku Nepal kunapezeka ana owapangira zikalata zabodza zoti makolo awo anamwalira pomwe ali moyo kumudzi. Dziko la Australia linafika poika mchitidwe wosaka ana kuti adzaze malo otere m'gulu la ukapolo wamakono mu 2018.

Musaganize kuti ndikunena za anthu oipa mtima okha. Chivomezi chitagwedeza Haiti mu Januwale 2010, amishoni 10 a mpingo wa Baptist ochokera ku America, ambiri mwa iwo a ku Idaho, anagwidwa pamalire akufuna kuwolotsa ana 33 kupita nawo ku Dominican Republic alibe zikalata zoyenera. Iwo ankati akupulumutsa ana amasiye. Atafufuza zinapezeka kuti ambiri mwa anawo makolo awo analipo.

Koma tiyerekeze kuti malo omwe mukupitawo ndi achilungamo, palibe wakuba. Vuto lidakalipo ndithu, ndipo ili ndi limene limandiwawa kwambiri ineyo. Mukafika tiana tidzakuthamangirani, kukukumbatirani, kukukwerani pamiyendo ngati tikukudziwani kalekale, inu misozi mbwembwembwe kumati taonani chikondi. Mwana wokula bwino pakhomo akaona mlendo amayamba wabisala kumbuyo kwa mayi ake kaye. Amene amakakamira aliyense wolowa pageti ndiye kuti akusowa munthu wake wake, mmodzi, wosachoka. Ndiye inu mumunyamula masiku khumi, azolowera fungo lanu ndi mawu anu, kenako mukwera ndege, mwezi wamawa kubwera gulu lina nalonso kunyamula nalonso kuchoka, chaka chonse zomwezo. Mwanayo amaphunzira chani? Kuti aliyense womukonda amapita. Ku Romania, ulamuliro wa pulezidenti Ceaușescu utagwa mu 1989 dziko linaona mmene ana ankakhalira m'malo aboma, ndipo kafukufuku wa ku Bucharest, likulu la dzikolo, yemwe anatsatira ana 136 anasonyeza kuti omwe anapatsidwa mabanja owalera, makamaka asanakwane zaka ziwiri, anakula bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe kuposa omwe anatsala.

Za Yakobo uja, kawerengeninso vesiyo modekha. Akutchula ana amasiye pamodzi ndi akazi amasiye, kuwachezera m'masautso awo. Ine ndikawerenga ndimaona mayi ndi ana ake pakhomo pomwe pagwa maliro, sindionapo chinyumba chogona ana 60 ndi owalera atatu.

Zakusukuluzo sindichulutsa. Ndani pagulu lanu anaphunzira zauphunzitsi, nanga chilankhulo cha anawo mumachidziwa? Mphunzitsi ali ndi silabasi yake ndi mayeso akubwera, inu mumuimitsa masiku atatu kuti ana aimbe makolasi ndi kubwereza A B C yomwe gulu la mwezi watha linawaphunzitsanso. Ngati mukufuna kuthandiza funsani ahedi chomwe chikusowa, mwina ndi mabuku mwina madesiki, mukagule komweko kuti amalonda ndi akalipentala akumeneko apezepo kangachepe.

Sindikuti ng'ambani mapasipoti. Pitani, koma chotsanipo zokagona ndi kusewera kumalo a anawo. Kakhaleni ndi mpingo womwe wakuitanani, mverani abusa ndi amayi akumeneko akuuzeni mmene amathandizira mabanja kuti ana asachoke pakhomo, ndipo musanagule matikiti khalani pansi muwerengere limodzi ndalama ya ndege ya gulu lonse, kenako mufunse kuti ndalama yomweyo ingalipirire ana angati fizi ali kwa makolo awo. Mwina mupeza kuti kupita anthu atatu n'kokwanira. Ngati pali malo omwe mukufunabe kuwathandiza afunseni ngati analembetsa kuboma, komanso chaka chatha anabwezera ana angati kwa abale awo. Akakuuzani kuti bwerani basi, osafunsa ngakhale chikalata cha kupolisi chosonyeza kuti mulibe mlandu wozunza ana, dziwani kuti munthu wogwirira ana amalowanso pageti lomwelo mosavuta chimodzimodzi.

Azakhali, ine ndinapita kale ulendo wotere chaka chatha. Kamtsikana kena ka zaka zinayi kanandikonda kwambiri, tsiku lochoka kanalira mpaka kugubuduka pansi. Zithunzi zake ndinaika pa Facebook anthu anayamikira heve. Pano ndikufuna ndizikatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, kapena kukatenga kumene kuti ndizikhala nako. Mundithandize nzeru.
Mayi wodandaula

Amayi, mtima wanu ndaumva. Koma zithunzizo kachotseni lero lomwe, makamaka ngati munalembapo dzina la mwanayo ndi komwe amakhala. Munapempha chilolezo kwa ndani? Wanu mwana mlendo atamujambula akulira n'kumuika pa intaneti kuti anthu amumvere chisoni mungasekere?

Zokamutengazo si nkhani yokambirana ndi mwini malowo pa WhatsApp ayi, zimadutsa kuboma ndi kukhoti la dzikolo, ndipo funso loyamba ndi lakuti mwanayo alidi wopanda aliyense? Lemberani a ofesi yoona za ana m'dzikolo kapena bungwe lolembetsedwa lomwe limalumikizitsa ana ndi abale awo, mufunse ngati pali mayi, agogo kapena azakhali ake amoyo. Akapezeka, ndalama ya mwezi ndi mwezi ija idzere kubungwe limenelo kuti mwanayo abwerere kwawo ndipo fizi ndi chakudya zizimupeza komweko. Musatumize ku akaunti ya munthu mmodzi, ngakhale atakutumizirani vidiyo ya mwanayo akukutchulani kuti mayi.